Klatchi ikupsera pamdipiti wa mu Kitwe, osati pa liwiro la msewu wa Ndola

Loweruka limene Nkana yasewera ndi Power Dynamos, msewu wochoka ku Wusakile kulowa m'tauni ya Kitwe umathina mpira ukangotha. Minibasi, matakisi, anthu apansi ovala zofiira ndi ena ovala zachikasu, onse amalimbirana njira imodzi yomweyo. M'kati mwa mdipitiwo simulephera kupezeka Subaru yabuluu kapena Altezza yoyera, yotsitsidwa mpaka mimba kufuna kukhudza pansi, ekizozi ikugunda ngati ng'oma ya gule. Imasendera mita imodzi, n'kuima, n'kusenderanso pang'ono. Woima pafupi akatchera khutu amamva injini ikukwera ndi kutsika pamene matayala akungokwawa. Pakatha mphindi khumi mphuno nayo imamva zake: fungo lowawa, lokhala ngati la lamba wa chigayo akamaterereka, likutuluka kunsi kwa galimoto.

Fungo limenelo ndi klatchi ikupsa, ndipo ikupsa galimoto ikuyenda pang'onopang'ono kuposa munthu wapanjinga.

Pakapita miyezi ingapo mwini wake amakhala ali pagalaja, giyabokosi ili pansi pamatabwa, iye akuloza chala uku ndi uku. A ku Japan anamutumizira galimoto yotha. Wa masipeya anamugulitsa feki. Makaniko sanamange bwino. Nthawi zina zimakhaladi choncho, ndipo si bwino kuzibisa. Koma m'magalimoto ambiri a liwiro amene akuyenda mu Kitwe ndi Ndola, chimene chikutha klatchi ndi phazi lamanzere la mwini wake, phazi limene palibe anakhalapo nalo pansi kuliphunzitsa ntchito. Nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni chifukwa ambiri mwa anyamatawa amaikondadi galimoto yawo. Amaitsuka m'mawa uliwonse, amasintha oyilo nthawi isanakwane, amasunga ndalama miyezi kuti agule marimu. Chimene akuiononga nacho sachidziwa n'komwe.

Klatchi si chinthu chovuta kumvetsa. Injini imazunguza chitsulo cholemera chokhala ngati mbale yaikulu, chotchedwa flywheel. Giyabokosi ili ndi puleti yakeyake, yomatidwa mbali zonse ziwiri ndi chikopa cholimba chofanana ndi cha mabuleki, chokhuthala mamilimita owerengeka chabe. Pressure plate ndiye imapanikiza puletiyo pa flywheel ndi mphamvu ya sipuling'i. Phazi likachoka pachopondera, zitatuzi zimagwirana n'kumazungulira ngati chinthu chimodzi, palibe chokhula chinzake. Phazi likaponda mpaka pansi zimalekana, ndipo puleti imapuma. Vuto lili pakati, pamene madalaivala amati hafu klatchi, pamene puleti yakhudza flywheel koma ikuterereka. Aliyense amene anafikisapo zikhatho m'mawa wozizira wa mwezi wa June akudziwa chimene chimabadwa zinthu ziwiri zikamakhulana.

Masamu a kutenthako ndi amene eni magalimoto ayenera kuwasunga pamtima. Ponyamuka, kutentha kolowa m'puleti sikukwera mofanana ndi marevu ayi, kumakwera mowirikiza. Ngati matayala agwira pansi osaterereka, munthu wonyamuka singano ili pa 3,000 amathira m'puleti kutentha kochuluka pafupifupi kanayi poyerekeza ndi wonyamuka pa 1,500. Wonyamuka pa 4,500 amathira kochuluka maulendo 9. Utomoni umene umamanga chikopa cha puleti ukapsa, pamwamba pake pamasalala ngati galasi, flywheel imachita mawanga abuluu, sipuling'i imafooka. Puleti yosalala imaterereka msanga, ikaterereka imatenthanso kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo matendawo amadzidyetsa okha.

N'chifukwa chake msewu umene anthu amaunena kwambiri ndi umene ulibe mlandu. Pakati pa Ndola ndi Kitwe pali makilomita pafupifupi 60 a msewu wa T3, wa mbali ziwiri. Dalaivala akatuluka m'tauni, kudutsa bwalo la Levy Mwanawasa, n'kuika giya yomaliza, akhoza kupitirira mphambano ya ku Luanshya mpaka kukafika pamlatho wa Kafue puleti isanathe ngakhale kafumbi, kupatula poima pa toll ya panjirapo. Liwiro lili ndi milandu yake ina, yamagazi, koma klatchi silidya. Imene imadya klatchi ndi mizere: pa toll ya Michael Chilufya Sata, pa rodibuloko ya apolisi, kumbuyo kwa mathiraki olemedwa opita ku Kasumbalesa, polowera ku Mukuba Mall kumapeto kwa mwezi, kuzungulira msika wa Chisokone, ndi ku Ndola sabata ya Trade Fair. Mphindi khumi za hafu klatchi pamalo amenewa zimadya puleti kuposa maulendo ambirimbiri a Ndola ndi Kitwe.

Mankhwala ake ndi aulere, koma amafuna mtima wodekha. Wakutsogolo akasendera mita imodzi, palibe chifukwa chomutsatira pompopompo. Dalaivala wanzeru amadikira mpata ukule mpaka galimoto imodzi kapena ziwiri, n'kuika giya yoyamba, n'kutulutsa klatchi yonse mwachidule singano ili pansi, n'kusiya injini ikoke yokha phazi lili pambali. Akafika, buleki, klatchi pansi, giya kuchotsa. Wina adzati ukasiya mpata wotere mu Kitwe, wa minibasi alowapo. Alowadi. Koma wolowayo walanda masekondi ochepa, pamene puleti yopsa imalanda galimoto yonse kwa masiku, pamodzi ndi malipiro a mwezi.

Pamaloboti napo pali chizolowezi chooneka chosalakwa. Nyali ikafiira pa Independence Avenue ku Kitwe kapena pa President Avenue ku Ndola, ambiri amaima giya yoyamba ili m'kati, klatchi ataiponda, maso pa nyali ngati othamanga oyembekeza wezulo. Puleti mwina ikupuma, ngati phazi lafikadi pansi, koma release bearing, kachitsulo kamene kamakankha sipuling'i, kakuzungulira kali popanikizika nthawi yonseyo. Kachitsuloka n'kakang'ono ndipo mtengo wake si wodetsa nkhawa, koma kakayamba kulira, kukafikira kwake n'kutsitsa giyabokosi yonse. Kuchotsa giya n'kugwira buleki kumatenga sekondi imodzi.

Pali chinthu china chimene ndi cha kuno kwenikweni. Kitwe ndi tauni ya migodi, ndipo anyamata ambiri amene amakwanitsa kugula Impreza kapena Golf GTI ndi a ku kampani ya migodi ya Mopani, a m'makampani ogwira ntchito ndi migodi, kapena a m'mafakitale a ku Ndola. Akaweruka amalowa m'galimoto atavala majombo a kuntchito, aja a chitsulo kumapazi. Jombo yotere imalemera, ndi yotakata, ndipo pansi pake ndi pokhuthala moti phazi silimva pamene klatchi yayamba kugwira. Munthu wotopa ndi shifiti amangoitsamiritsa pachopondera, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti sakuponda. Kulemera kwa jomboyo n'kokwanira kugwiritsa ntchito release bearing ulendo wonse, ndipo ikatsamira kwambiri imachepetsa mphamvu imene pressure plate ikupanikizira. Kumanzere kwa chopondera klatchi opanga magalimoto amenewa anaika popumitsira phazi, ndipo pamenepo ndiye kwawo kwa phazi lamanzere giya ikangolowa. Nsapato zopepuka zosungidwa pansi pa mpando wakumbuyo zingapulumutse ndalama zambiri kuposa zimene zinagulira. Kapeti wokhuthala amene ena amayala pamwamba pa mnzake nyengo ya matope nayenso ndi wofunika kumuyang'ana: akakwinyika kunsi kwa chopondera, klatchi sifika pansi, ndipo magiya amayamba kukukuta.

Copperbelt ilibe mitunda ngati ya ku Zomba, komabe tizitunda timene ili nato n'tokwanira. Kamlatho kodumpha ngalande pageti la nyumba ku Riverside kapena ku Kansenshi ndi kamodzi mwa ito. Galimoto imaima mphuno ili m'mwamba, hutala ikulira, mwana akuthamangira kukatsegula geti, ndipo nthawi yonseyo dalaivala waigwira ndi klatchi, kubalansa kumene ambiri amakuyesa chizindikiro cha ukatswiri. Galimoto yolemera pafupifupi tani imodzi ndi theka yapachikidwa pa kachikopa ka mamilimita ochepa kamene kakuterereka. Handibuleki anaipangira ntchito imeneyo. Pamahampu ndi podutsa njanji, galimoto yotsitsidwa imafuna kudutsa chammbali mwapang'onopang'ono, ndipo apanso njira yabwino ndi kuchepetsa liwiro hampu isanafike, kuika giya yoyamba, kutulutsa klatchi yonse, osati kukwawa mu giya yachiwiri phazi lili pakati.

Tsopano kunyamuka kodzionetsera, kumene ndi mtima wa nkhani ya magalimoto a liwiro.

Toyota Altezza inatuluka mu 1998 ndipo inapangidwa mpaka 2005. Ya mtundu wa RS200 ili ndi injini ya 3S-GE ya malita awiri, yopanda turbo, ndipo ya magiya 6 osintha pamanja imatulutsa mahatchi 210. Koma mahatchi amenewo amakhala kumwamba, singano ikapitirira 7,000. Pansi injiniyo ndi yofatsa. Onjezani pamenepo kuti Ndola ndi Kitwe zili pamtunda wa mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake. Mnyamata amene anaona Altezza ikuuluka pa YouTube amamva ngati yake ndi yaulesi ponyamuka, ndiye amakweza marevu n'kumatulutsa klatchi pang'onopang'ono kuti injini isagwe. Akatero ndiye kuti waika masamu aja a kuwirikiza pantchito pamaloboti aliwonse a m'tauni.

Subaru ili ndi nkhani yosiyana ndipo ndi yoopsa kwambiri. Impreza WRX, imene inayamba mu 1992, imakoka ndi matayala onse anayi. Altezza imakoka ndi akumbuyo okha, choncho dalaivala akataya klatchi mwadzidzidzi matayala awiriwo amaterereka, utsi n'kufuka, ndipo mbali yaikulu ya nkhanzayo imathera pa labala. Pa Subaru matayala anayi amagwira tala nganganga. Mphamvu ya turbo iyenera kupeza pothawira, ndipo malo ofooka amene atsala ndi puleti ya klatchi ndi mano a m'giyabokosi. Galimoto imene imaoneka yolimba kuposa zonse ponyamuka ndi imene ikulipira kwambiri m'kati.

Izi sizichitikira magalimoto akale okha. Nissan itatulutsa GT-R mu 2007, inaikamo njira yonyamukira mwamphamvu yoyendetsedwa ndi kompyuta. Ku America eni ena anaigwiritsa ntchito mobwerezabwereza mpaka magiyabokosi anasweka, panabuka mikangano ya waranti, ndipo kampaniyo inadzasintha pulogalamu ya kompyutayo kuti galimoto izinyamuka marevu ali otsikirapo. Ngati mainjiniya a Nissan anabwerera m'mbuyo pa galimoto yatsopano ya mtengo wapatali chotero, Impreza imene yatha zaka 20 ili pamsewu siyenera kuyembekezeka kupirira zimene GT-R inalephera.

Yankho limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti magalimoto amenewa anapangidwira kumenyedwa. Ndipo Zambia ili ndi chifukwa chonyadira pankhaniyi. Satwant Singh anatenga ukatswiri wa rally wa Africa maulendo 8 pakati pa 1988 ndi 2000. Muna Singh anautenga mu 2004 ndi 2005, mwana wake Jassy Singh mu 2013, onse awiri pa Subaru Impreza. Mu 2022 Leroy Gomes ndi mkazi wake Urshlla anabweretsanso ulemuwo kuno. Mwana amene anakula akumva mayina amenewa, ndi kuona zithunzi za Colin McRae atapambana dziko lonse pa Subaru mu 1995, sangaimbidwe mlandu pofuna kumva kukoma komweko.

Chimene saona ndi chimene chimachitika kuseri kwa mpikisano. Galimoto ya rally ikamaliza zigawo zingapo imalowa pamalo okonzera, pamene gulu la amakaniko likuidikira ndi masipeya atsopano. Klatchi yake si ya m'galimoto ya pamsewu, ndipo ikatha pakutha pa mpikisano palibe amene amadabwa, chifukwa ndalama yake inawerengedwa kale. Magalimoto amakono a gulu la Rally2, limene kale linkatchedwa R5, ali ndi giyabokosi yongokoka ndi kukankha, moti klatchi imagwira ntchito makamaka ponyamuka. Komanso rally ya ku Africa ndi ya fumbi ndi miyala, kumene matayala amaterereka mosavuta. Koposa zonse, munthu sapambana ukatswiri wa chaka chonse ngati galimoto yake imafera panjira. Amene anatenga zikho zija anali anthu odziwa kufikitsa makina kumapeto ali amoyo. Kutengera phokoso lawo n'kusiya chisamaliro chawo ndi kuwamva theka.

Chimodzimodzinso masewera ozunguza galimoto, amene anakulira ku Soweto m'zaka za m'ma 1980 pa BMW 325i imene kumeneko amaitcha Gusheshe, ndipo lero afika ku Lusaka ndi kuno komwe. Njira imodzi yoyambitsira matayala akumbuyo kuterereka ndi kuponda klatchi n'kuitaya mwadzidzidzi moto uli pansi. Amene amachita masewerawa mwadongosolo amadziwa kuti klatchi ndi matayala ndi zakudya za masewerawo, amazigula monga wampira amagulira nsapato. Palibe cholakwika ndi zimenezo pabwalo lotchingidwa, pansi pa malamulo a Zambia Motor Sport Association. Cholakwika ndi kuchitira zomwezo pamphambano ya m'komboni usiku wa ukwati, pakati pa ana oonerera, ndi galimoto yomwe Lolemba iyenera kupereka mwana kusukulu.

Pali zizolowezi ziwiri zosamveka phokoso zimene zimadya puleti mwakachetechete. Choyamba ndi kutsitsa giya kuti galimoto ichepetse liwiro, kuchoka pa yachinayi kulowa yachiwiri polowa raundabauti, n'kumatulutsa klatchi pang'onopang'ono mpaka injini itakokedwa kukwera. Pamenepo puleti ikugwira ntchito ya mabuleki, pamene mabuleki enieni amasinthidwa mu ola limodzi tayala litangochotsedwa. Njira yoyenera ndi kuchepetsa ndi buleki, ndipo potsitsa giya kugunda moto pang'ono klatchi ili pansi, kuti marevu akwere kufika pamene giya yatsopanoyo ikuwafuna. Zikakumana bwino, galimoto sigwedezeka n'komwe, ndipo wokwera naye sadziwa kuti giya yasintha. Luso limeneli ndi lokoma kuliphunzira, ndipo ndi limene limasiyanitsa woyendetsa ndi wongokhala pachiwongolero.

Chachiwiri ndi ulesi wa dzanja. Mafuta atakwera mtengo, ambiri anaphunzira kukhala mu giya yapamwamba nthawi zonse. Pa galimoto ya turbo, kuponda moto mpaka pansi mu giya yachisanu singano ili pa 2,000, pofuna kupitirira thiraki, ndi kuthira mphamvu yonse yopotokola pa puleti panthawi imene giyabokosi sikuthandiza kunyamula katunduyo. Klatchi yotopa imayambira pamenepo kuterereka. Amene anapititsa galimoto kukasinthitsa kompyuta ya injini kuti iwonjezere mphamvu ali pangozi yoposa, chifukwa puleti ija inayezedwa pa mphamvu ya kufakitale. Kutsitsa giya imodzi musanapitirire n'kwabwino kwa klatchi, ndipo kumafupikitsa nthawi imene galimoto ili pambali pa thirakiyo.

Ena akatopa ndi kusintha mapuleti amagula ija amati button clutch, ya tizidutswa ta ceramic, poganiza kuti athana nazo. Klatchi imeneyo imapirira kutentha, koma imagwira mwadzidzidzi, imanjenjemera pamdipiti, ndipo imadya flywheel. Ndi ya pabwalo la mpikisano. Kwa munthu woyenda pakati pa Parklands ndi tauni tsiku lililonse, puleti wamba ya kampani yodziwika monga Exedy, Aisin, LuK kapena Sachs ndi imene ingamutumikire bwino.

Mvula ikayamba mu November, misewu ya m'makomboni monga Chimwemwe, Chipulukusu ndi Twapia imasanduka mayeso ena. Galimoto yotsika ikatitimira m'matope, dalaivala amayamba kuikankhira kutsogolo ndi kumbuyo, giya yoyamba, rivesi, giya yoyamba, moto uli pamwamba, phazi lili pakati. Mphindi zisanu zotere zikhoza kumaliza puleti imene ikanatha zaka. Kuzimitsa injini, kuitana anyamata anayi okankha ndi kuyala miyala kapena nthambi kunsi kwa matayala n'kotchipa. Podutsa chithaphwi chakuya, giya isankhidwe madzi asanafike ndipo klatchi isapondedwe pakati pa madziwo, chifukwa zitsulo zija zikalekana madzi amatope amapeza polowera.

A Golf GTI ya DSG asadzione ngati nkhaniyi siikuwakhudza poti alibe chopondera chachitatu. M'giyabokosi imeneyo muli maklatchi awiri oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo kukwawa pamdipiti phazi litakhudza buleki pang'ono ndi hafu klatchi yomweyo. Ya magiya 6 imene maklatchi ake amasambira mu oyilo imafuna oyiloyo asinthidwe pa makilomita 60,000 aliwonse, chinthu chimene ogula galimoto yakale ambiri sauzidwa.

Kunena chilungamo, si puleti iliyonse imene imaphedwa ndi mwini wake wa lero. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: galimoto yonyezimira pachithunzi cha pa intaneti ikhoza kukhala itatha zaka ikukwawa m'misewu yothina ya Tokyo kapena Osaka, kapena ikuseweretsedwa m'mapiri a kumeneko. Ikatsika sitima ku Dar es Salaam imayenda makilomita opitirira 1,700 kudzera pa Tunduma ndi Nakonde, kukwera mapiri a Kitonga kumbuyo kwa mathiraki, kawirikawiri m'manja mwa dalaivala waganyu amene akuthamangira kukatenga ina. Pali zolakwika za m'galimoto momwemo: silo ya kumbuyo kwa injini ikamadontha, oyilo amanyowetsa puleti ndipo imaterereka ngakhale ili yatsopano. Master cylinder kapena slave cylinder ikatopa, kapena mafuta ake akakhalitsa mpaka kuda, klatchi silekana bwino. Palinso masipeya abodza m'mabokosi okongola, ndi amakaniko ena amene amasintha puleti yokha n'kubwezera pressure plate yotopa pa flywheel yamawanga, poti kasitomala walira mtengo. Kupulumutsa kotero kumabweza galimoto pagalaja chaka chisanathe, ndipo ntchito yotsitsa giyabokosi imalipidwa kawiri.

Wogula akhoza kudziteteza. Pamsewu wopanda anthu, galimoto ili mu giya yachinayi kapena yachisanu pa liwiro lochepa, aponde moto. Singano ya marevu ikathamanga pamene liwiro likutsalira, puleti yatha, ndipo mtengo wa galimotoyo utsike. Klatchi yatsopano ikamangidwa, makilomita 800 oyambirira akhale ofatsa, a m'tauni, opanda kunyamuka kwaukali, kuti chikopa chikhazikike pa flywheel. Ambiri amatuluka pagalaja n'kukaiyesa tsiku lomwelo pamsewu wa Chingola, ndipo amaisalalitsa isanayambe n'komwe ntchito.

Funso lalikulu ndi lakuti luso limeneli aphunzitse ndani. Mbadwo umene ukugula magalimoto amenewa unakulira m'ma Corolla, Vitz, Spacio ndi Allion a otomatiki, amene anadzaza Zambia kuchokera ku Japan. Ambiri galimoto yawo yoyamba ya magiya apamanja imakhala yomweyo ya mahatchi 200. Sukulu zoyendetsa galimoto zimaphunzitsa munthu kuti injini isazime pa tsiku la mayeso, ndipo njira yachidule yophunzitsira zimenezo ndi kumuuza kuti awonjezere moto ndi kugwira klatchi pakati. Wophunzira amakhoza mayeso a RTSA, n'kutenga chizolowezicho kukhala nacho moyo wonse. Sukulu zimenezi zikanachita bwino kupatula ola limodzi lokha, kuika puleti yakutha ndi yatsopano patebulo, wophunzira azigwire ndi manja ake, kenako kumutengera pakamtunda kuti anyamuke ndi handibuleki mpaka dzanja ndi phazi zitamvana.

Aphunzitsi ena alipo kale m'makomo. Ku Chamboli, ku Kabushi ndi ku Lubuto kuli madala amene anayendetsa mabasi a UBZ ndi malole a migodi, ena mwa iwo ana a anthu amene anachoka ku Chipata, ku Petauke ndi ku Nyasaland kudzafuna ntchito. Malole akale ankafuna dabulo klatchi, kuponda kawiri pa giya iliyonse ndi kukumaniza marevu ndi khutu, ndipo dalaivala wotentha klatchi ya kampani ankakayankha kwa kapitawo. Mdzukulu amene ali ndi WRX pabwalo sangataye kanthu kuwapempha agogo kuti akhale pampando wakumanzere Lamlungu masana, kuchoka ku Ndeke kukafika ku Mindolo ndi kubwerera. Adzamva msanga pamene phazi likuchedwa.

Amakaniko nawo ali ndi mbali yawo, kaya anaphunzira ku NORTEC ku Ndola kaya pansi pa mtengo wa mango. Giyabokosi ikatsika, zitsulo zimanena zokha zimene zinachitika, ndipo mwini galimoto ayenera kuitanidwa kuti aone zisanatayidwe. Chikopa chimene chatha mofanana mpaka kufika pa marivet, chili chouma ndi chotuwa, ndi cha puleti imene yagwira ntchito zaka zake. Chonyowa ndi chonata chikuloza silo yodontha. Chosalala, chakuda, chonunkha kupserera, pamodzi ndi mawanga abuluu pa flywheel, ndi cha mizere ya pa toll ndi kubalansa pageti. Tisipuling'i ta pakati pa puleti tikapezeka tothyoka kapena togwedera, kawirikawiri kumakhala kutaya klatchi pamaloboti. Nsonga za zala za pressure plate zikadyeka n'kuchita mphako pamene release bearing imakhudza, ndiye kuti jombo ija inkagona pachopondera kuyambira pageti la mgodi mpaka kunyumba.